KUGONEKA MWANA PA ULENDO WA KUNJA KWA DZIKO

Mawu Oyamba

Ambiri a ife tili ndi abale kunja kwa dziko lino. Ena ali ku Zambia, ena ku Mozambique, ena ku Zimbabwe, ndipo ena ali ku South Africa, kumene timati ku Joni. Pa nthawi ya tchuthi timafuna kukawaona. Timafunanso kuti iwo aone ana athu. Ichi ndi chinthu chabwino.

Koma kuyenda ndi mwana wamng'ono kuli ndi zovuta zake. Vuto limene makolo ambiri amadandaula nalo ndi la tulo. Mwana amene kwathu amagona bwino, akafika kuchilendo amalira usiku wonse. Mayi sagona. Bambo sagona. Eni nyumba nawonso sagona. Pofuna kuti mwana atonthole, makolo ena amachita zinthu zimene zingathe kumuvulaza.

M'phunziro lino tiona chimene chimasokoneza tulo ta mwana paulendo, ndi zimene tingachite. Werengani pang'onopang'ono. Mukamaliza, kambiranani ndi anzanu.

1. Chizolowezi Chogonera

Mwana wakhanda sadziwa wotchi. Sadziwanso kuti lero ali ku Malawi kapena ku Zimbabwe. Chimene iye amadziwa ndi zinthu zimene zimamuchitikira tsiku ndi tsiku.

Taganizani zimene mumachita kwanu madzulo. Dzuwa likapendeka mumamusambitsa mwana. Kenaka mumamudyetsa phala. Mdima ukayamba mumamuveka zogonera ndi kumuyamwitsa. Mumamuimbira kanyimbo, n'kumugoneka pamphasa kapena pabedi. Mawa mumachitanso chimodzimodzi.

Zinthu zimenezi zikamachitika mwa ndondomeko imodzi masiku onse, mwana amazizolowera. Akangomva madzi pathupi madzulo, thupi lake limadziwa kuti tulo tayandikira. Ichi ndicho tikuchitcha chizolowezi chogonera.

Paulendo zinthu zambiri zimasintha. Nyumba ndi ina, anthu ndi ena, nyengo ndi ina. Izi sitingaziletse. Koma chizolowezi chogonera tingathe kupita nacho kulikonse, ndipo sichilipira basi.

Tsopano tiyeni tiwerenge nkhani ya banja lina.

2. Kukonzekera Ulendo

M'mudzi wina pafupi ndi Lunzu mudali bambo ndi mayi amene adali ndi mwana wamkazi wa miyezi 8. Bamboyo adali ndi azakhali ake ku Harare. Azakhaliwo adapita kumeneko kalekale ndi amuna awo, mzindawo ukutchedwa Salisbury. Dzina la Harare lidayamba kugwira ntchito mu 1982. Tsopano adali atakalamba, ndipo adatumiza mawu akuti, "Bwerani ndi mdzukulu wanga ndidzamuone ndisanafe."

Banjali lidagwirizana zopita mwezi wa Julaye. Bambo adakonza ziphaso zoyendera. Ku ofesi yopereka ziphasozo adawauza kuti mwana nayenso amafunika chiphaso chake, ngakhale akhale wakhanda.

Mayi adakumbukira mwambi woti safunsa adadya phula. Tsiku la sikelo litafika, adakhalira pambuyo kuti alankhule ndi alangizi a zaumoyo.

"Alangizi, tili ndi ulendo wa ku Harare. Ndikuopa kuti mwanayu akandivuta usiku. Ndichite chiyani?"

"Mwachita bwino kufunsa, mayi. Kodi kwanu mumamugoneka bwanji?"

"Ndimamusambitsa, ndimamupatsa phala, ndimamuyamwitsa, kenaka ndimamuimbira. Ikamakwana 7 koloko amakhala atagona."

"Basitu, mankhwala ake ndi omwewo. Kumene mukupitako mukachite zomwezo, mwa ndondomeko yomweyo, pa nthawi yomweyo. Musakayambe zachilendo. Ngati mumaganiza zosintha kadyedwe kake kapena malo ake ogona, dikirani mudzabwere kaye."

"Nanga ndinyamule chiyani?"

Alangizi adatenga pepala ndi kulemba zinthu izi:

Chitenje chimene mwana amagonera masiku onse.
Neti yoteteza ku udzudzu.
Zovala zotentha ndi masokosi.
Ufa wa phala umene mwana adazolowera.
Kapu ndi supuni zake.
Matewera okwanira ndi sopo.
Mapaketi a Thanzi ORS.
Buku lake la kuchipatala.

"Chitenjecho musachite kugula chatsopano," adatero alangizi. "Tengani chakale chomwecho. Mwana amadziwa fungo lake. Akalimva fungolo mtima wake umakhala pansi."

3. Panjira

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Harare pali mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Msewu umadzera m'dziko la Mozambique. Basi imaima pa chipata cha Mwanza ndi cha Zobue, n'kuoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete. Kenaka imaimanso pa Cuchamano ndi pa Nyamapanda polowa m'Zimbabwe. Chifukwa cha kuimaima kumeneku, ulendowu umadya tsiku lonse.

M'basi mwana adagona kwambiri chifukwa cha kugwedezeka kwa galimoto. Mayi adamufukata pamiyendo, nkhope ili poyera. Sadamufunditse kumutu. Nthawi ndi nthawi ankayang'ana ngati akupuma bwino.

Atafika ku Tete kudatentha. Mayi adamuvula mwana juzi ndi kumuyamwitsa pafupipafupi. Adamumwetsanso madzi owiritsa amene adanyamula m'botolo, popeza mwanayo adali atapitirira miyezi 6. Mwana wosakwana miyezi 6 safunika madzi, ngakhale kutenthe bwanji. Bere lokha ndi lokwanira.

Pa zipata anthu onse ankatsika. Bambo ankanyamula mwana kuti mayi awongole msana. Ankamuyendetsa panja kuti aone kuwala ndi kusewera pang'ono. Izi zimathandiza kuti mwana asagone usana wonse n'kudzachezera usiku.

4. Usiku Woyamba

Adafika ku Harare kutada. Kunkazizira kwambiri, chifukwa mzindawu uli pamalo okwera, ndipo Juni ndi Julaye ndiyo miyezi yachisanu.

Kunyumba kwa azakhali kudadzaza anthu. Ana awo, adzukulu ndi anansi adabwera kudzaona alendo ochokera kumudzi. Aliyense adafuna kunyamula mwana. Uyu akamunyamula, uyo akuti, "Bwera nayeni kuno." Ena ankamulankhula m'Chichewa, ena m'Chishona. Magetsi adali ngwee, wailesi yakanema ikulira.

Mwana adayamba kuyasamula ndi kutikita m'maso. Kenaka adayamba kutembenuza nkhope, osafuna kuyang'ana anthu. Mayi adaona kuti mwana ali ndi tulo, koma adachita manyazi. Mumtima adati, "Ndangofika kumene kwa apongozi. Ndikamulanda mwana, anena kuti ndine wamwano."

Nthawi idapita. 9 koloko idakwana, kenaka 10 koloko. Mwana sadasambe, phala sadadye. Pamene anthu adabalalika, iye adayamba kulira. Adalira mpaka pakati pa usiku. Bere ankaligwira n'kulisiya. Tulo adatipeza tambala woyamba atatsala pang'ono kulira.

Apa pali phunziro. Anthu ambiri amaganiza kuti mwana akatopa kwambiri ndiye kuti agona msanga. Si choncho ayi. Mwana akapitirira nthawi yake yogona, amavuta kwambiri kugona. Ndi bwino kumugoneka akangoyamba kuonetsa zizindikiro za tulo, asanayambe kulira.

5. Malangizo a Azakhali

M'mawa azakhali adaitana mayi uja kukhitchini.

"Mwananga, ndamva mmene mdzukulu wanga walirira. Pepa. Ine ndaganiza zinthu ziwiri. Choyamba, m'chipinda mwanumo mukuzizira. Lero ndikuikirani mbaula ya makala, mutseke zenera kuti mufunde. Chachiwiri, ndili ndi mankhwala a chimfine amene amagonetsa. Timupatse theka la supuni, agona mpaka kucha."

Mayi adagwada n'kunena kuti, "Zikomo, azakhali. Ndiyambe ndawauza bambo ake."

Atalowa m'chipinda adati, "Bambo ake mwana, nkhani yavuta. Azakhali akufuna kutithandiza, koma zinthu ziwiri zimene anenazo alangizi amaletsa. Ine sindingawatsutse. Ndi azakhali anu, kalankhuleni nawo ndinu."

Bambo adapita kukakhala pansi pafupi ndi azakhali awo.

"Azakhali, tathokoza kuti mukutisamala. Koma ndimati ndifunse. Kodi inuyo mukagona ndi mbaula m'chipinda, m'mawa mumadzuka bwanji?"

Azakhali adaganiza pang'ono. "Kunena zoona, ndimadzuka mutu ukuwawa, nthawi zina ndi chizungulire. Ndimayesa ndi ukalamba."

"Si ukalamba ayi, azakhali. Makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa. Mpweyawo suoneka, ndiponso sununkha. M'chipinda chotseka umadzaza, ndipo munthu amangofooka ali m'tulo, osadzukanso. Ngati inu akuluakulu mutu umawawa, nanga kamwana aka?"

"Mayo ine! Nanga mankhwala aja?"

"Amenewonso ayi. Mwanayu sakudwala. Mankhwala ogonetsa angathe kumufooketsa mpaka kulephera kupuma bwino. Mwana sapatsidwa mankhwala amene sadalembedwe ndi achipatala."

"Tsono tichite chiyani kuti agone?"

"Tikupempha chinthu chimodzi. Ikakwana 6 koloko, mutilole make alowe naye m'chipinda. Akamuchitire zimene amamuchitira kumudzi. Alendo adzamuone masana."

Azakhali adaseka. "Zomwezo? Zisiyeni m'manja mwanga. Pakhomo pano wamkulu ndine."

Taonani mmene banjali lidachitira. Silidanyoze azakhali. Lidayamba ndi kuthokoza, kenaka lidafotokoza chifukwa chake. Amene adalankhula ndi mwini wake wa abalewo. Mwamuna asamusiyire mkazi yekha nkhani yotere kwa apongozi. Chimodzimodzinso mukapita kwa abale a mkazi, mkaziyo ndiye atsogole polankhula.

6. Usiku Wachiwiri ndi Wachitatu

Tsiku limenelo mayi adamudzutsa mwana pa nthawi yake ya masiku onse, ngakhale adagona mochedwa. Adakhala naye panja kuothera dzuwa la m'mawa. Masana adamugoneka kawiri monga amachitira kumudzi, koma sadamulole kugona mpaka madzulo.

Dzuwa lisanalowe, kusanayambe kuzizira, adamusambitsa ndi madzi ofunda. Adamuphikira phala la ufa wa kumudzi ndi kumudyetsa ndi supuni yake. Itakwana 6 koloko, azakhali adaimirira n'kuuza anthu kuti, "Mdzukulu wanga akukagona. Amene akufuna kumunyamula abwere mawa. Wailesiyo muchepetse."

M'chipinda mayi adatseka katani ndi kuzimitsa getsi. Adamuveka mwana zovala zotentha ndi masokosi. Adayala chitenje chija pamatiresi, n'kuchipinda zolimba m'mbali kuti chisakwinyike. Adamuyamwitsa uku akuimba kanyimbo kake ka masiku onse. Mwana adalirako pang'ono, koma isanakwane 8 koloko adali atagona. Usiku adadzuka katatu. Nthawi zonsezo mayi ankamuyamwitsa mumdima, osayatsa getsi, osamuseweretsa.

Usiku wachitatu adagona 7 koloko, ndipo adadzuka kamodzi kokha. Azakhali adati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikadathamangira botolo la mankhwala."

Musataye mtima ngati usiku woyamba kapena wachiwiri wavuta. Ana ambiri amatenga masiku angapo kuti azolowere malo atsopano. Ana enanso, makamaka a miyezi 8 kapena 9, amaopa anthu achilendo ndipo amakakamira mayi awo. Uku si kudwala, ndi mmene mwana amakulira.

7. Kodi Mwana Agone Maola Angati?

M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo a tulo ta ana. Maola awa ndi a usana ndi usiku pamodzi:

Mwana wobadwa kumene mpaka miyezi 3: maola 14 mpaka 17.
Mwana wa miyezi 4 mpaka 11: maola 12 mpaka 16.
Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 2: maola 11 mpaka 14.

Ana amasiyana. Wina amagona kwambiri, wina pang'ono. Kudzuka usiku kuti ayamwe si vuto ayi. Mwana amene akugona mokwanira amadzuka wosangalala, amayamwa bwino ndi kusewera.

Dziwaninso kuti mwana wa mwezi umodzi kapena iwiri sanayambe kusiyanitsa usana ndi usiku. Ameneyu musalimbane naye. Muyamwitseni nthawi iliyonse imene wafuna.

8. Malo Ogona Osaopsa

Kuchilendo timagona pamene eni nyumba atipatsa. Nthawi zina malo amachepa ndipo anthu amapanikizana. Musanagoneke mwana, yang'anani bwino malowo. Tsatirani malamulo awa:

Gonekani mwana chagada, osati chafufumimba kapena chammbali. Chitani izi mpaka atakwanitsa chaka. Ngati wakula moti amatha kudzitembenuza yekha uku ndi uku, musavutike kumubweza, koma pomugoneka yambani ndi chagada.

Pogona pake pakhale polimba ndi posalala. Mphasa kapena matiresi olimba ndi abwino. Mwana safuna pilo.

Musagone ndi mwana pasofa kapena pampando. Angathe kupanikizika pakona n'kubanika.

Bulangete lisafike kumaso kwa mwana. Kukazizira ndi bwino kumuveka zovala zotentha kusiyana ndi kumuunjikira zofunda. Gwirani pachifuwa kapena pakhosi pake. Ngati pali thukuta, mwamufunditsa kwambiri.

Munthu amene wamwa mowa, kapena wamwa mankhwala ogonetsa, asagone pamodzi ndi mwana. Pa tchuthi anthu amasangalala ndi kumwa. Bambo akamwako, agone pena usiku umenewo.

Mwana asagone pakati pa ana anzake akuluakulu. Iwo amagubuduka m'tulo.

Munthu asasute fodya m'chipinda chimene mwana amagona, kapena pafupi ndi mwana.

Mbaula, kandulo ndi nyali ya parafini zisatsale zikuyaka anthu akugona. Mbaula ikhale panja.

Ngati bedi ndi lalitali, kapena pali mpata pakati pa bedi ndi khoma, tsitsani matiresi pansi.

Kumene kuli udzudzu, mwana agone m'neti usiku uliwonse. Mumzinda wa Harare malungo si ambiri, koma m'chigwa cha Zambezi, monga ku Tete, alipo ambiri. Ngati basi yawonongeka kapena mwagona panjira, netiyo idzakuthandizani.

9. Maiko Amene Nthawi Imasiyana

Banja la m'nkhani yathu silidavutike ndi wotchi. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali ndi nthawi imodzi. Ikakhala 7 koloko ku Lilongwe, ndiye kuti ndi 7 koloko ku Lusaka, ku Harare ndi ku Johannesburg.

Koma maiko ena nthawi yawo ndi ina. Tanzania ndi Kenya ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Ikakhala 7 koloko kuno, ku Dar es Salaam ndi 8 koloko. Dziko la Britain lili pambuyo pathu. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi limatsalira ndi maola 2. Miyezi inayo limatsalira ndi ola limodzi.

Mukapita ku dziko lotere, thupi la mwana limatsatabe nthawi ya kwathu. Musamukakamize kusintha tsiku limodzi. Sunthani nthawi yogona pang'onopang'ono, monga mphindi 15 kapena 30 tsiku lililonse. Masana mutulutseni aone kuwala. Usiku m'chipinda mukhale mdima. Kuwala ndi mdima ndizo zimaphunzitsa thupi nthawi yatsopano.

Pali chinthu chinanso. Maiko ena dzuwa limachedwa kulowa. Ku Johannesburg mwezi wa Disembala limalowa cha m'ma 7 koloko. Ku Britain mwezi wa Juni kumakhala kukuwalabe 9 koloko usiku. Kumeneko musadikire mdima. Tsekani katani, kapena pachikani nsalu yokhuthala pazenera, n'kumugoneka mwana pa nthawi yake.

10. Pamene Kulira Si Kwa Tulo

Nthawi zina mwana amalira chifukwa akudwala. Tisamangoti ndi malo achilendo. Thamangirani naye kuchipatala msanga, ngakhale usiku, mukaona chimodzi mwa zizindikiro izi:

Thupi latentha.
Akukana kuyamwa kapena kumwa.
Akusanza chilichonse chimene wadya.
Akupuma mofulumira kapena movutika.
Akukomoka kapena kugwedezeka thupi.
Wafooka kwambiri moti akuvuta kudzutsa.
Akutsegula m'mimba ndipo maso alowa m'kati.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba, pitirizani kumuyamwitsa ndi kumupatsa Thanzi ORS muli panjira yopita kuchipatala. Musadikire kuti mudzabwerere kwanu. Tsiku lomwe mwafika kuchilendo, funsani eni nyumba kumene kuli chipatala chapafupi. Popita kumeneko tengani buku la mwana, ndipo muwauze achipatala malo amene mwadutsa paulendo wanu.

11. Kubwerera Kumudzi

Banja lija lidakhala ku Harare masabata awiri. Mlendo ndi mame, tsiku lobwerera lidafika. Azakhali adanyamula mdzukulu wawo nthawi yaitali, misozi ili m'maso. Adamuuzanso mdzukulu wawo wamkulu kuti mbaula asamailowetsenso m'chipinda.

Atafika kumudzi, mwana adavutanso usiku umodzi chifukwa cha kutopa kwa panjira. Mayi sadadabwe. Adamusambitsa, adamudyetsa phala, adamuyamwitsa ndi kumuimbira. Mawa lake adagona monga kale. Mwezi wotsatira adapita naye kusikelo, ndipo alangizi adapeza kuti sikelo yake yakwera.

Mfundo Zofunika Kukumbukira

1. Kuchilendo chitirani mwana zimene mumamuchitira kwanu, mwa ndondomeko yomweyo ndi pa nthawi yomweyo.
2. Nyamulani chitenje chake chakale, ufa wake wa phala, neti ndi buku lake la kuchipatala.
3. Mugonekeni akangoyamba kuyasamula ndi kutikita m'maso.
4. Fotokozerani eni nyumba mwaulemu tsiku lomwe mwafika. Musadikire kuti usiku uyambe wavuta.
5. Musamupatse mwana mankhwala ogonetsa kapena mowa.
6. Musagone ndi mbaula yoyaka m'nyumba.
7. Gonekani mwana chagada, pamalo olimba, nkhope ili poyera.
8. Kugoneka mwana ndi ntchito ya mayi ndi bambo omwe.

Mawu Oti Tiphunzire Kulemba

chizolowezi
ndondomeko
chiphaso
chipata
chagada
chafufumimba
zizindikiro

Mafunso

1. Kodi chizolowezi chogonera n'chiyani?
2. Tchulani zinthu zisanu zimene alangizi adauza mayi kuti anyamule.
3. N'chifukwa chiyani alangizi adati chitenje chikhale chakale?
4. Chidalakwika n'chiyani usiku woyamba ku Harare?
5. Kodi mbaula ya makala ndi yoopsa bwanji m'chipinda chotseka?
6. N'chifukwa chiyani bambo ndiwo adakalankhula ndi azakhali?
7. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti mwana afunika kupita kuchipatala.

Masamu

1. Mwana wa miyezi 8 wagona 7 koloko madzulo ndi kudzuka 5 koloko m'mawa. Masana wagona ola limodzi, kenaka maola 2. Wagona maola angati onse pamodzi? Kodi ndi okwanira pa msinkhu wake?
2. Kwanu mwana amagona 7 koloko. Mwapita ku Dar es Salaam. Kodi wotchi ya kumeneko idzakhala ikuti nthawi yanji pamene mwana adzayambe kumva tulo?
3. Basi yayenda makilomita 250 pa ulendo wa makilomita 600. Kwatsala makilomita angati?

Zokambirana Pagulu

Kodi mudayendapo ulendo wautali ndi mwana wamng'ono? Fotokozerani anzanu zimene zidachitika usiku.

Kodi mungawauze bwanji apongozi anu kuti malangizo awo ena ndi oopsa, popanda kuwakhumudwitsa? Anthu awiri achite sewero, wina akhale mpongozi, wina akhale kholo la mwana.

Ntchito Yokachita Kunyumba

Lembani m'kope mwanu zinthu zimene mumachita pogoneka mwana, kuyambira choyamba mpaka chomaliza. Lembaninso nthawi yake. Ngati mulibe mwana wamng'ono, funsani mnansi wanu amene ali naye. Kenaka lembani kalata yaifupi kwa mbale wanu amene ali kutali, yomuuza tsiku limene mudzafike ndi nthawi imene mwana wanu amagona. Mubwere nayo kalatayo tsiku la phunziro lotsatira kuti tidzawerengere limodzi.